Bolodi la madoko 8: kukonza maulendo a katundu opita ku siteshoni ya mumlengalenga

6 Seputembala 2025: kuyamba

Lero ndayamba kupanga bolodi lokonzerapo maulendo a zombo zopita ku siteshoni ya mumlengalenga. Ndatenga ISS (International Space Station), siteshoni imene mayiko angapo amagwiritsa ntchito limodzi, kukhala chitsanzo chifukwa nkhani zake zimapezeka poyera. Imazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, kuzungulira kamodzi kumatenga mphindi 90 ndi pang'ono, ndipo nthawi zambiri mumakhala anthu 7. Ndikufuna kulemba ndondomeko ya miyezi 12 yosonyeza kuti chombo chakuti chifika liti, chikocheza padoko liti, chibweretsa chiyani ndipo chichoka liti, popanda zombo ziwiri kulimbirana doko limodzi, komanso popanda anthu kusowa chakudya. Zonse zimene zizindisokonekera ndizilemba pano, kuti wina akadzayesa asadzagwe m'maenje omwewo.

Zipangizo ndi izi: chitsulo chophwatalala cha masentimita 90 m'litali ndi 60 m'lifupi, maginito ang'onoang'ono 24, makatoni akale, guluu, ulusi, zolembera za mitundu itatu, ndi pulogalamu yaulere ya LibreOffice Calc. Ndagula maginito ndi guluu basi, zina zonse n'zongotola m'nyumba, choncho mtengo wa ntchitoyi ndiziuwerengera m'maola. Ndajambula siteshoniyo moichepetsa ka 200, ndiye mamita 109 a m'lifupi mwake asanduka masentimita 54 ndi theka. Yakwana bwino pachitsulopo. Apita maola 4.

13 Seputembala: ndinayambira kolakwika

Ndinayamba ndi kuwerengera matani, poganiza kuti ndi pamene pagona nkhani. Chakudya ndinangoyerekeza ndekha kuti chikhale makilo 2 pa munthu patsiku pamodzi ndi zokutira zake. Anthu 7 pa masiku 365 anatulutsa makilo 5,110. Munthu mmodzi amafuna okosijeni wokwana pafupifupi makilo 0.84 patsiku, koma wambiri amapangidwa momwemo pogawa madzi ndi magetsi. Madzi nawonso sabwera onse kuchokera pansi, chifukwa mu 2023 NASA inalengeza kuti makina ake afika pobwezeretsa 98 peresenti ya madzi, kuphatikizapo a mkodzo ndi thukuta. Nditawonjezera zovala, zipangizo zosinthira ndi za kafukufuku, n'kugawa ndi zimene chombo chimodzi chimanyamula (Progress ya ku Russia imatenga matani pafupifupi awiri ndi theka), ndinaona ngati ntchito yatha lisanalowe dzuwa.

Tsoka linayamba nditayamba kuika maginito pamadoko. Ndinkawatenga onse 8 ngati ofanana, chombo chilichonse n'kumangochiponya pamene pali mpata. Sizili choncho ayi. Madoko anayi a mbali ya Russia, lakumbuyo kwa Zvezda, la Poisk, la Rassvet ndi la Prichal, amalandira Soyuz (yonyamula anthu) ndi Progress (yonyamula katundu) zokha, zimene zili ndi kachitsulo kosongoka kutsogolo kolowa m'dzenje lokhala ngati fanulo. Awiri a pa Harmony, gawo la mbali ya America, lakutsogolo ndi loyang'ana kumwamba, ali ndi mphete zolandira Dragon ndi Starliner, zombo za makampani a ku America. Awiri otsalawo, lapansi pa Harmony ndi lapansi pa Unity (gawo linanso la mbali ya America), chombo sichikochezapo chokha. Chimafika n'kuima chapatali mamita pafupifupi 10, mkono wa loboti wa siteshoniyo, Canadarm2, n'kuchigwira, kuchikokera padoko, kenako n'kuchimanga ndi mabawuti 16. Apa ndi pa Cygnus, chombo cha katundu cha ku America, ndi zombo za ku Japan.

Ndondomeko yanga yoyamba inali ndi Cygnus yokocheza pa Poisk kawiri. Ndafufuta zonse. Maginito ndawapaka mitundu itatu, madoko nawonso chimodzimodzi, ndipo mu Calc ndaika selo lofiira likaona mitundu yosiyana. Maola 6.

20 Seputembala: kukula kwa khomo

Sabata ino Cygnus XL yoyamba, imene inanyamuka pa 14 ndi katundu wokwana matani pafupifupi 5, yafika pa 18, itachedwa ndi tsiku limodzi chifukwa injini yake inazima msanga pokwera. Tebulo langa linalibe malo a kuchedwa. Ndawonjezera danga la masiku osungira kumbuyo kwa chombo chilichonse.

Chinanso chimene ndinaiwala ndi khomo lenilenilo lolowetserapo katundu. Pamadoko a mphete, njira yake ndi yozungulira, ya masentimita 80. A ku Russia nawonso ndi 80. Khomo la madoko omangira ndi mabawuti ndi la ngodya zinayi, masentimita 127, ngakhale la Cygnus yeniyeniyo ndi locheperapo, pafupifupi 94. Zazikulu ngati makabati athunthu a zipangizo za kafukufuku zinkadutsa pa HTV ya ku Japan, imene inauluka maulendo 9 kuyambira 2009 mpaka 2020. Pamuyeso wa bolodi langa kusiyanako ndi mamilimita 4 ndi 6, kosaoneka n'komwe, ndiye ndinatenga katoni ina n'kuboola mabowo atatuwo powachepetsa ka 10 kokha. Ndinadula kabokosi koimira katundu wamkulu n'kukayesa. Pabowo la masentimita 8 kanakakamira m'makona, ndipo ngakhale ndinakatembenuza chammbali sikanadutse. Kabokosiko ndinali nditakalemba pa Dragon ya mwezi wachinayi. Ndakasamutsa, ndipo tsopano katundu aliyense mu Calc ali ndi kulemera komanso kukula kwa khomo limene amafuna. Maola 3.

4 Okutobala: madoko awiri a Harmony

Pano ndiye pandidyera nthawi, ndipo aliyense amene akufuna kupanga bolodi lotere ayambire pano, asayambire pa matani ngati ine.

Madoko a mphete alipo awiri okha, pamene zofuna kuimapo ndi zambiri: Dragon ya anthu, Dragon ya katundu, Starliner, ndi maulendo a makampani amene amatenga anthu kwa milungu yochepa. Doko limodzi silikhala lopanda chombo, chifukwa chombo chimene chinabweretsa anthu chimakhalabe pomwepo mpaka adzabwerere nacho. Ndicho chothawirapo chawo pakagwa ngozi. Ndiye kunena zoona, onse enawo amagawana doko limodzi. Pa nthawi yosinthana, gulu latsopano limafika lakale lisanachoke kuti lilandire ntchito, ndipo kwa masiku angapo madoko onse awiri amakhala ndi zombo za anthu. Dragon ya katundu iyenera kukhala itachoka kale. Mu ndondomeko yanga zinagundana katatu.

Awiriwo sanabwere mosavuta. Mphete yoyamba, IDA-1, inawonongeka pa 28 Juni 2015 roketi ya Falcon 9 itasweka ili m'mwamba. IDA-2 inamangidwa padoko lakutsogolo mu Ogasiti 2016, ndipo IDA-3 inadzamangidwa pa lakumwamba mu Ogasiti 2019. Kachitsulo kamodzi kotayika kanachedwetsa doko lonse zaka.

Kuti ndione ngati bolodi langa lingapirire, ndinaikapo zimene zinachitika mu 2024. Pa 2 Meyi, Dragon ya gulu la anthu lotchedwa Crew-8 inachoka padoko lakutsogolo n'kupita pa lakumwamba kuti ipereke malo. Starliner inafika pa 6 Juni ndi Butch Wilmore ndi Suni Williams, poyembekezera kukhala sabata imodzi ndi pang'ono. Inakhala miyezi itatu, n'kuchoka yopanda anthu pa 6 Seputembala. Nthawi yonseyo madoko onse awiri anali ndi zombo, ndipo Crew-9 imene inayenera kunyamuka mu Ogasiti inadzanyamuka pa 28 Seputembala, ndi anthu awiri m'malo mwa anayi kuti pobwerera pakhale mipando ya awiri aja. Iwo anadzatera mu Malichi 2025. Pabolodi, ndinakankha maginito amodzi okha, koma ena asanu akumbuyo kwake anasuntha nawo. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti Cygnus imene inafika pa 6 Ogasiti 2024 sinakhudzidwe n'komwe, chifukwa doko lake ndi lina. Mitundu itatu ya madoko ija, imene masabata atatu apitawo ndinkaiona ngati chopinga, apa inapulumutsa chakudya.

Kusamutsa chombo kuchoka padoko lina kupita pa lina ndinkakuona ngati kungosuntha maginito ndi chala. Kumatenga nthawi yosakwana ola, inde, koma anthu onse a chombocho amavala masuti awo n'kulowamo, kuopera kuti chikalephera kukochezanso angatsale musiteshoni opanda chobwerera nacho. Tsiku limenelo ntchito zawo zina zimaima. Ndaika lamulo langalanga lakuti kusamutsa kulikonse kudye tsiku lathunthu.

Ndiye pali mkono uja. Canadarm2 ndi wa mamita 17.6, pabolodi masentimita osakwana 9. Ndinadula ulusi wa muyeso umenewo n'kumayesa kufikira kumbuyo kwa Dragon, kumene kumakhala katundu wosalowa mkati monga masola atsopano opindika opangira magetsi a siteshoni. N'chifukwa chake mu Epulo 2021 Crew-1 inasamukira padoko lakumwamba: gulu lotsatira litenge lakutsogolo, ndipo Crew-1 ikachoka lakumwamba lidikire Dragon ya katundu yobweretsa masolawo, pamalo amene mkono ungafikire. Anakonza malo miyezi iwiri katunduyo asanafike. Ine ndinkangoyang'ana sabata yamawa. Maola 9, ndipo mutu unatentha.

18 Okutobala: zinyalala, mafuta, ndi zobwerera pansi

Walira mvula walira matope. Tebulo langa linkangowerengera zolowa. Zokutira zakudya, zovala zakutha (kulibe kuchapa kumeneko), zipangizo zowonongeka ndi zotuluka m'chimbudzi, zonsezi zimachoka ndi Progress kapena Cygnus, zimene zimakapsa pamodzi ndi katundu wake polowanso mumpweya wa dziko. Ndiye chombo chikamaliza kutsitsa katundu chimakhalabe padoko miyezi ingapo chikudzazidwa zinyalala. Ine ndinkachichotsa pakatha masabata awiri kuti doko lipume. Nditawonjezera mzere wa zinyalala, unakwera osatsika, ndipo ndinabweza maginito onse kuti azikhalitsa.

Katundu wofunika kufika pansi ali bwinobwino, monga zoyesa za kafukufuku zokhala mufiriji kapena pampu yofuna kukaunikidwa, amabwera ndi Dragon, imene imatera panyanja. Soyuz imatenga tochepa kwambiri pambali pa anthu. Apanso tabwerera pa doko limodzi lolimbirana lija.

Mafuta a matanki a siteshoni amabwera ndi Progress. Kale ATV ya ku Ulaya inkathandiza, koma inauluka kasanu kokha, yoyamba mu 2008 ndipo yomaliza inanyamuka mu 2014. Siteshoni imatsika pang'onopang'ono chifukwa cha kampweya kochepa kamene kalipo pamtunda umenewo, ndiye imafunika kukankhidwa kuti ikwerenso, ndipo malo abwino okankhira ndi doko lakumbuyo kwa Zvezda. Cygnus yakankhapo, ndipo Dragon imene inafika mu Ogasiti chaka chino inabwera ndi mainjini apadera kumbuyo kwake ochitira zomwezo. Doko la Zvezda lili ndi vuto lake: kanjira kopita kumeneko kakhala kakutaya mpweya kuyambira 2019, ndipo chitseko chake chimakhala chotseka kupatula pamene akufuna kulowa m'chombo. Ndalemba nyenyezi pambali pake kuti ndizikumbukira kuti katundu wa pamenepo satengedwa tsiku lililonse.

Cholakwa china chaching'ono: Soyuz iliyonse ndinaipatsa miyezi 6. Koma Soyuz MS-27 inafika pa Prichal pa 8 Epulo ndipo ichoka mu Disembala, miyezi 8. Ndakonza. Maola 5.

1 Novembala: nthawi yonyamukira, ndi kuyesa tsoka

HTV-X yoyamba ya ku Japan inanyamuka pa 26 Okutobala pa roketi ya H3, ndipo pano yamangidwa pansi pa Harmony. Maginito ake ndinawapaka kale, angodikira.

Chombo chikachedwa ndi tsiku, ndinkangosintha deti n'kusiya ola lomwelo. Zolakwika. Roketi imanyamuka pamene malo onyamukirawo adutsa pansi pa njira ya siteshoni, imene inapendekeka madigiri 51.6, ndipo nthawi imeneyo imafulumira ndi mphindi pafupifupi 23 tsiku lililonse. Kutalika kwa ulendo nakonso kumadalira pamene siteshoni ili panthawiyo. Progress inafikapo m'maola atatu ndi mphindi zochepa mu Julayi 2020, koma maulendo ambiri amatenga masiku awiri. Ndaika mizere iwiri, wa tsiku lonyamuka ndi wa tsiku lofika, m'malo mwa umodzi.

Kenako ndinayesa tsoka lalikulu. Pa 28 Okutobala 2014, roketi ya Antares yonyamula Cygnus inaphulika itangonyamuka ku Wallops, ku America. Pa 28 Epulo 2015 Progress M-27M inanyamuka koma inayamba kuzungulirazungulira, sinafike. Pa 28 Juni 2015 inali Dragon imene inanyamula mphete ya IDA-1 ija. Zombo zitatu za makampani ndi mayiko osiyana, m'miyezi 8. Ndinachotsa maginito atatu motsatira mipata yomweyo n'kuyang'ana mzere wa chakudya. Unafika pa ziro m'mwezi wa 9. Ndondomeko yanga inali yoyenda pamphepete, chakudya chikufika pamene chakale chikutha. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chakudya cholembedwa pa chombo chimene chikadali pansi sindikuchiwerengeranso. Ndaika kuti nthawi zonse musiteshoni muzikhala chosungira cha miyezi inayi (nambalayi ndasankha ndekha), ndipo kuti chikwane ndachotsa zina za kafukufuku pa zombo ziwiri zoyamba. Zofanana ndi zimenezi zachitikadi chaka chino, pamene Cygnus ina inawonongeka ikunyamulidwa pansi pano isanakwere roketi, ndipo Dragon ya mu Epulo inatenga chakudya chochulukirapo.

Pofuna kuona kuti maginito amodzi ndi ndalama zingati, ndinatenga makontirakiti a NASA a mu 2008: madola 1.6 biliyoni kwa SpaceX pa maulendo 12, ndi madola 1.9 biliyoni kwa Orbital Sciences, imene inkapanga Cygnus, pa maulendo 8. Pogawa, ulendo umodzi ukufika madola 133 miliyoni kwina, 238 miliyoni kwinaku. Kuyambira pamenepo ndasiya kuthetsa mavuto pongowonjezera chombo china. Maola 7.

15 Novembala: tinthu ting'onoting'ono

Guluu sanagwire pachitsulo, Harmony ndi Unity zinamatuka n'kugwa. Ndazimata pa katoni yaikulu imodzi, katoniyo n'kuigwiritsa ndi maginito anayi m'makona. Mu Calc ndapeza kuti fomula yanga imalola chombo kuchoka ndi china kufika padoko lomwelo tsiku limodzi. Ndaika mpata wa masiku awiri. Maola 2.

29 Novembala: oyandikana nawo

Sabata ino bolodi langa lagwidwa bodza poyera. Pa 24 Novembala anachotsa Cygnus XL pansi pa Unity ndi mkono, n'kuigwira chapatali, kuti Soyuz MS-28 idutse bwino popita pa Rassvet, pamene inafika pa 27. Pa tebulo langa panalibe selo lofiira ngakhale limodzi. Unity ndi doko lina, Rassvet ndi lina, mitundu yake ndi yosiyana, madeti sakugundana. Koma onse awiri amayang'ana pansi ndipo ali moyandikana, pamene Cygnus XL ndi yaitali kuposa zakale, ndiye inatsala pang'ono kulowa m'njira ya chombo chobwera.

Vuto ndi lakuti ndinajambula siteshoni ngati ndikuiona kuchokera pamwamba, ndiye madoko onse oyang'ana pansi anabisika. Ndatenga timipukutu ta katoni n'kumanga chitsanzo choimirira, n'kuchipachika ndi ulusi. Pansi pa Rassvet ndamangirira ulusi wina wolendewera, woimira njira ya Soyuz, ndipo pansi pa Unity ndamata kampukutu ka Cygnus. Pakati pa ulusi ndi kampukutuko chala changa chinalowa mothina. Ndinakhala pansi kuchiyang'ana kwa kanthawi. Miyezi itatu ndikusuntha maginito, koma zimene zinali poyera chonchi sindinazione.

Ndajambulanso malire a mamita 200 ozungulira siteshoni, amene chombo sichilowamo popanda chilolezo. Pamuyeso wanga ndi mita imodzi yathunthu mbali zonse, kuposa bolodi lenilenilo, ndiye ndangozunguliza ulusi pansi. Kusamala kotereku kuli ndi mbiri yake. Pa 25 Juni 1997 Progress inawomba gawo la Spektr pa Mir, siteshoni yakale ya ku Russia, poyesa kuiyendetsa pamanja, mpweya n'kuyamba kutuluka, ndipo gawolo linatsekedwa osagwiritsidwanso ntchito. Mu Calc ndaika tebulo latsopano la madoko oyandikana, ndi lamulo lakuti zombo ziwiri zisayende tsiku limodzi kulikonse pasiteshoni.

Ulendo womwewo wa pa 27 wabweretsa nkhani ina. Malo onyamukira a Site 31 ku Baikonur, m'dziko la Kazakhstan, anawonongeka roketi itanyamuka, ndipo ndi pamene Soyuz ndi Progress zopita ku ISS zimanyamukira. Pabolodi langa mulibe danga la malo onyamukira. Madoko anayi a mbali ya Russia aja onse amadyera pa malo amodzi pansi pano, ndipo ine ndinkawawerengera ngati njira zinayi zosiyana. Maola 8.

6 Disembala: madoko onse adzaza

Pa 1 Disembala Cygnus XL inabwezeredwa pa Unity, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ISS madoko onse 8 anali ndi zombo: Dragon ziwiri, Cygnus, HTV-X, Soyuz ziwiri ndi Progress ziwiri. Ndaziika zonse pachitsanzo cholendewera chija ndipo chapendekera mbali ya Harmony, mpaka ndasuntha mfundo ya ulusi kuti chikhale mowongoka. Chikhala choncho masiku ochepa okha, chifukwa MS-27 ikuchoka sabata ikubwerayi.

Ndondomeko yanga ya miyezi 12 pano ikuyenda popanda selo lofiira, ndipo ikupirira kutayika kwa zombo ziwiri motsatizana. Zitatu ikulephera ndi masabata awiri. Maola onse afika 44, maginito atsala 3. Chotsatira ndi danga la malo onyamukira: Baikonur, Florida, Wallops ndi Tanegashima ku Japan, lililonse ndi mzere wake, kenako nditseka umodzi kwa miyezi inayi n'kuona kuti mafuta atha mwezi uti. Fomula ya mafutayo sindinailembe, ndipo ndikukayikira kuti ifuna tebulo lakelake.